Mmero wa Inna

Funtua, 4 Januwale 1994

Okondedwa Yaya Sallau, achimwene anga,

Mtendere ukhale nanu. Mwadzuka bwanji ku Agege, ku Lagos uko, inu ndi alamu anga a Hindatu? Nanga malonda a goro, mtedza wotafuna uja, akuyenda? Kuno tonse tili bwino kupatula Inna, mayi athu, ndipo ndiwo andigwiritsa cholembera lero.

Mukudziwa kuti mphepo ya fumbi ikayamba, mmero wa Inna umavuta. Chaka chino wanyanya. Kumanzere kwatupa, malovu akukanika kumeza, khutu likuwawa, ndipo akamayankhula akumveka ngati munthu wosunga phala lotentha m'kamwa. Mayi aja amene akati "Ladidi!" ankamveka mpaka ku siteshoni ya sitima, lero akundiitana pomenya mbale ndi supuni.

Dzulo tinapita kuchipatala. Adokotala anawaunika ndi tochi n'kunena kuti pali chithupsa chodzaza mafinya pafupi ndi tinyama tiwiri ta m'mbali mwa mmero, timene iwo amati matonsilo. Akuti chapsa kale, mapiritsi okha sangachiphwetse. Njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi kubaya ndi singano n'kukoka mafinyawo. Ndi yotsika mtengo, munthu amagona kwawo tsiku lomwelo, koma chithupsa chimatha kudzazanso. Yachiwiri ndi kung'amba ndi kampeni. Mtengo umawirikiza, ululu nawonso, ndipo pamafunika kugonekedwa. Yachitatu ndi opaleshoni ku Zaria, kuchotseratu matonsilowo munthu atamugoneka tulo. Imeneyo imathetsa vuto mpaka kalekale, koma ndalama zake mukhoza kugula mwana wa ng'ombe, ndipo munthu amatha mwezi asanakweze mawu.

Tinabwerako ndi mapiritsi okha, chifukwa Gwaggo Kande, azakhali athu, anakana kuti chichitike chilichonse inu musanamve. Akuti chimwalirireni bambo athu, mutu wa nyumba ino ndinu. Koma m'njira monse ankangotamanda njira yawo yachinayi, ya Baba Jatau, wanzami wathu wometa. Akuti vuto ndi belu, kanyama kolendewera pakati pa mmero kaja. Tonse anatidula tili makanda, koma Inna anabadwira paulendo, kutali ndi wometa, ndiye kawo kalipobe mpaka lero. Baba Jatau akuti adula pa nkhuku imodzi ndi mbale ya mapira.

Yaya, ine mantha andigwira. Ukwati wanga ndi pa 28 mwezi uno. Funtua yense amati nthungululu za Asabe, Inna wathuyu, zilibe zinzake, ndipo amayi ambiri amanong'ona kuti zimanjenjemera mokoma chonchija chifukwa cha belu yemweyo. Aimbira ana a eni osawerengeka. Ine ndi mwana wawo womaliza, ndituluke m'nyumba muno chete ngati mbuzi yobedwa?

Ndinawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Mukudziwa kale. Mwana woyamba mayi samutchula dzina, samupatsa moni, samuyang'ana pankhope. Analoza kum'mwera ndi chibwano n'kufunsa movutikira kuti, "Kunyumba kwa uja kuli bwino?" Ine ndimathokoza Mulungu kuti ndinabadwa womaliza.

Tiuzeni maganizo anu, ndipo ngati mungathe tumizani kangachepe kudzera kwa Tanimu wa lole ya anyezi.

Ine mlongo wanu,
Ladidi

Agege, 9 Januwale 1994

Ladidi mlongo wanga,

Nawenso mtendere. Kalata yako yafika ikununkha anyezi, ndaiwerenga katatu. Mulungu awachize Inna. Kuno tili bwino, kungoti Hindatu watopa kwambiri. Amayi a m'dera lino akuti mwezi uno sutha asanatsitse katundu.

Kalata yako yandisiya ndi mafunso, ndipo safunsa anadya phula. Singanoyo ndi yaitali bwanji? Amabaya kuchokera m'kamwa kapena kunja kwa khosi? Mwa anthu amene amabayidwa, ndi angati amabwereranso? Ukawafunse adokotala zimenezi, usachite manyazi. Ufunsenso ngati mtengo wa ku Zaria ukuphatikiza bedi ndi chakudya, chifukwa anthu achipatala ali ngati ogulitsa nsalu, amatchula mtengo wa nsalu n'kuiwala wa telala.

Usandiseke. Nditawerenga za belu ndinabwereka kagalasi ka Hindatu ndi tochi n'kuyasamula. Mwanga mulibe kanthu, ndi khomo lopanda katani. Kenako ndinapempha mnzanga Rasaki, Myoruba wogulitsa maloko pafupi ndi ine, kuti ayasamule nayenso. Kake kalipo, kakulendewera bwinobwino, ndipo munthuyo sanadwalepo mmero chibadwire! Tinayendayenda mumsika kuyasamulitsa anthu mpaka mayi wina anatithamangitsa ndi tsache. Onse akum'mwera ali nako, ndipo sakufa. Tsono ngati belu ndiye amadwalitsa, bwanji Lagos yense sali kuchipatala? Funso limeneli ukamufunse Baba Jatau, koma mwaulemu, anatimeta tonse.

Kuno kuli mnyamata wa kwathu amene amagwira ntchito mosungira mankhwala. Akuti singano ndi kampeni zimasiyana pang'ono pa kuchiritsa, koma kwa munthu amene mmero umamuvuta chaka ndi chaka, kuchotseratu kumatchipa ukawerengera zaka za m'tsogolo. Ine zandimveka. Dengu lotchipa la goro umaligula katatu.

Ndalama sindinaikemo. Goro amene ndinaitanitsa sanathe, ndipo sindikufuna kutumiza zoperewera ndisanadziwe njira imene tatenga.

Za nthunguluzo, uli ndi mwayi iwe. Ine ndimazidziwira pa maukwati a anthu ena, nditaima kunja kwa mpanda. Pa ukwati wanga Inna anadzitsekera m'chipinda monga mwa mwambo, anandiimbira ndi Gwaggo Kande, amene mawu awo amamveka ngati chitseko cha dzimbiri. Sindikudandaula ayi. Ndimangodzifunsa nthawi zina kuti kodi zimamveka bwanji m'khutu, nthungululu zimenezo zikakhala zako.

Kalatayi uiwerenge mokweza pabwalo monga umachitira. Ndikudziwa kuti Inna amakhala akusankha nyemba chapafupi, osamvetsera.

Ine mlongo wako,
Sallau

Funtua, 12 Januwale 1994

Kwa Sallau, mwana wa mchimwene wanga,

Ndine Gwaggo wako Kande. Ndakhala pansi pa mtengo wa ku positi, akundilembera ndi mlembi, ndipo ndamuuza kuti asakometse mawu anga.

Moni ndakupatsa. Tsopano tamvera. Tinakutumira uthenga kuti mayi ako akumira m'malovu awo, iwe n'kutitumizira mafunso. Mafunso tiwaphike? Envulopu ndinaikutumula ndekha, sinagwe ngakhale kobo imodzi. Uli pa ntchito yosuzumira m'kamwa mwa Ayoruba pamene mayi ako sanameze kanthu chiyambire Lamlungu.

Ngati wauma manja chifukwa mayi ako sakutchula dzina, dziwa kuti ngakhale ine mwana wanga woyamba sindinamutchulepo, koma amandigulira nsalu pa chikondwerero cha Sallah chilichonse.

Za chitseko cha dzimbiri ndazimva. Ladidi anayesa kudumpha mzere umenewo koma anachedwa. Tidzakambirana.

Mawa m'mawa Baba Jatau akubwera ndi zitsulo zake. Nkhuku ndapereka ine. Anadula bambo ako, anadula iwe, palibe anafa. Tikadikira nzeru zako tidzaika maliro.

Ndatha ine Gwaggo wako.

Funtua, 15 Januwale 1994

Okondedwa Yaya,

Mtendere ukhale nanu, ndipo alamu anga Mulungu awapeputsire. Khazikani mtima pansi, Inna ali moyo ndipo belu wawo ali pamalo pake. Koma zinatsala pang'ono.

Baba Jatau anafika ndi kachikwama kawo kachikopa, nayala zida pamphasa: kandodo kopanikizira lilime ndi kampeni kopindika ngati chikwakwa. Ine ndinawafunsa funso lanu lija la Lagos yense. Anandiyang'ana n'kuti, "Mwana iwe, anthu akunyanja amadya tsabola wambiri, belu wawo ndi wofooka." Gwaggo anandithamangitsira kukhitchini, koma ndinkasuzumira.

Inna anakhazikidwa pa mtondo wovundikira. "Asabe, yasamula," anatero Baba Jatau. Pakamwa panatseguka pongokwana chala chimodzi. Anayesa ndi kandodo, nsagwada zinali gwa. Gwaggo anayamba kukalipa kuti, "Ukuchitira dala iwe, ukuumira kanyama kopanda ntchito!" Inna misozi ili chuchuchu. Pamapeto Baba Jatau anapukuta zida zawo n'kunena kuti iwo sadula chimene sakuchiona. Nkhuku anatenga ndithu, akuti ya mwendo.

Masana thupi la Inna linatentha ngati chiwaya, ndipo ine sindinafunsenso munthu. Ndinaitana galimoto. Adokotala anati nsagwada zimauma chonchi chithupsa chikakula, ndipo atamva za wometa anagwira mutu. Akuti belu alibe mlandu, ndipo kudula pamalo otupa chonchija magazi ake sakanaleka. Anatikalipiranso chifukwa chochedwa.

Tsono tamverani chodabwitsa. Adokotala atayamba kufotokozera Gwaggo za njira zitatu zija, Inna anamenya tebulo ndi chikhatho kuti awayang'ane iwowo. Analoza kummero, n'kuika dzanja pakamwa monga amachitira poimba nthungululu, n'kutambasula manja kufunsa kuti liti. Adokotala anaseka. Anati ndi singano, sabata ziwiri kapena zitatu ngati sichidzazanso. Ndi kampeni, kupitirirapo. Ndi opaleshoni, poyamba adikire kutupa kuphwe, kenako mzere wa ku Zaria, kenako mwezi wa chete. Inna anawerenga pa zala, anabwerezanso, kenako analoza singano. Mtima wanga unasungunuka, Yaya. Ndinadziwa kuti akuwerengera ukwati wanga.

Mayankho a mafunso anu ndi awa. Singanoyo ndi yotalika ngati chala chapakati, koma amaivundikira n'kusiya kansonga kokha kuti isalowe kwambiri, poti kuseri kwake kumadutsa mtsempha waukulu. Amabaya kuchokera m'kamwa atapopera mankhwala ochititsa dzanzi. Ndinaona ndi maso anga mafinya akukwera m'kabotolo, achikasu ngati madzi a nyemba, ndipo fungo lake Gwaggo anathawira panja. Obwereranso akuti ndi mmodzi mwa anthu khumi kapena kuposerapo pang'ono. Mtengo wa ku Zaria suphatikiza chakudya, munalondola.

Asanatuluke n'komwe m'chipindamo, nsagwada zinayamba kumasuka. Mawu oyamba a Inna anali akuti, "Kande, nkhuku ija inali yanga."

Ndalipira ndi ndalama za mbale zanga zaukwati. Gwaggo akuti mwatitaya. Ine sindikukhulupirira, koma kukhala chete kwanuku kukundisowetsa poyankhira.

Ine Ladidi

Agege, 16 Januwale 1994

Ladidi,

Moni nonse. Ndikulemba mothamanga, Tanimu waliza kale injini. Kalata ya Gwaggo yandilasa. Mulungu ndi mboni, sindinaumire Inna, ndimafuna kumvetsa kaye basi. Ngati kalatayi yapeza Baba Jatau asanadule, muwagwire dzanja. Ngati adula kale, thamangirani kuchipatala.

Ndagulitsa goro yense pamtengo wolira, ndi wailesi yomwe. Ndalama zili m'kathumba kamene Tanimu wamanga m'chiuno, zokwanira opaleshoni ya ku Zaria, chakudya ndi ulendo. Pakali pano achite za singano kuti apume, ukwati ukangotha apite akachotse zonse. Tisamangokhalira kuzima moto womwewo chaka chilichonse.

Ku ukwati wako sindibwera, mlongo wanga. Hindatu sindingamusiye, ndipo thumba lapepuka. Undikhululukire. Udzandiuze mmene nthunguluzo zidzamvekere, usadzasiye kanthu.

Uwauze Gwaggo kuti chitseko cha dzimbiri ndicho chimateteza nyumba.

Sallau

Funtua, 3 Febuluwale 1994

Okondedwa Yaya,

Mtendere ukhale nanu. Tamva kwa Tanimu kuti kwanu kwabwera mlendo wamkazi Loweruka lapitali. Mulungu amukulitse! Alamu anga ali bwanji? Ine ndikulemba ndili kunyumba yatsopano, kwa amuna anga a Mudi, ndine mkazi wa mwini tsopano.

Kalata yanu ya ndalama inagona masiku ambiri pa Mokwa, lole itathyoka chitsulo, ndipo inafika ukwati utatsala masiku atatu. Gwaggo anawerenga ndalamazo kawiri n'kunena kuti iwo ankadziwa kale kuti ndinu mwana wabwino.

Inna anali mmodzi mwa khumi uja. Chithupsa chinadzazanso patangopita masiku ochepa, anabayidwa kachiwiri. Adokotala anati chapola bwino, koma mmero ukadali wanthete. Akakuwa kamodzi mwamphamvu mwina zitheka, koma kawiri motsatizana iwo sakulonjeza.

Munati ndidzakuuzeni mmene nthungululu zinamvekera. Yaya, sizinamveke. Madzulo a Lachisanu atandifunditsa nsalu kuti anditulutse, amayi onse anakhala chete kudikira Inna, poti m'dera lathu palibe amayamba iwo asanayambe. Ndinadikira pansi pa nsaluyo mpaka thukuta. Inna anandigwira mutu, anandidalitsa monong'ona, basi. Anayambitsa ndi Gwaggo. Tsopano tafanana, tonse tinatuluka ndi chitseko cha dzimbiri. Ndinalira njira yonse, anthu n'kumati mkwatibwi waulemu, akulirira kwawo. Ndinkalira ndi mkwiyo.

Ndiye tandithandizani, inu okonda mafunso. Anakana wometa, anakana kampeni, anapirira singano kawiri, anawerenga masiku pa zala pamaso panga. Zonsezo ankasungira chiyani, ngati pa tsiku langa anatseka pakamwa? Tanimu atabweretsa uthenga wa mwana wanu, ngakhale kumwetulira sanamwetulire, anangopitiriza kupeta mapira. Kodi matendawa alowa mumtima?

China n'chakuti dzulo Gwaggo anabwera ali wefuwefu. Inna kunyumba kulibe. Anamanga ndalama zanu pansonga ya nsalu, anauza mnansi kuti akukagwiritsa ntchito mmero wawo, n'kukwera kutsogolo kwa lole ya Tanimu. Poti msewu wake umadutsa pa Zaria, tikuganiza kuti atsikira pomwepo kukalembetsa opaleshoni. Koma munthu amapita ku opaleshoni yekha, wopanda womudikirira, wopanda ngakhale mphika? A Mudi apita mawa kukawafunafuna m'chipatala. Tanimu akafika kumeneko mumufunse kuti anawatsitsa pati.

Ine mlongo wanu wokhumudwa,
Ladidi

Agege, 7 Febuluwale 1994

Ladidi mlongo wanga,

Mtendere ukhale nawe ndi a Mudi. Uwauze asiye kuzungulira m'zipatala za ku Zaria. Inna ali kuno, akugona pamphasa pafupi ndi Hindatu.

Anafika Lachisanu masana, atayera ndi fumbi, akununkha anyezi kuposa makalata ako. Munthu amene sanapitirirepo Kaduna! Ndinali pakhomo ndikumangirira nkhosa ya mwambo wa dzina. Ndinagwada kuti ndiwalonjere, iwo anandilambalala ngati ndine mtondo, n'kulowa m'nyumba akufunsa kuti, "Ali kuti mkazi mnzanga wobwera kudzandilanda ulemu?" Anamunyamula mwanayo n'kuyamba kumunyoza monga achitira agogo, kuti mphuno ngati batani, ndani adzakukwatira iwe. Ine ndinangoima panja ndi chingwe cha nkhosa m'manja.

Loweruka m'mawa anthu anadzaza. Malamu, mtsogoleri wa mapemphero, atapemphera, dzina linalengezedwa. Ndamutcha Asabe, dzina la Inna, poti nayenso ndi wa Loweruka. Amayi a kuno anakoka mpweya kuti ayambe, koma Inna anakweza dzanja. Anatuluka ndi mwana mpaka pakhomo pa bwalo la amuna, pamene ine ndinakhala, n'kutembenuka kundipatsa msana. Anaima pafupi kwambiri moti nsonga ya nsalu yawo inkakhudza phazi langa. Kenako anayamba.

Ndinakufunsa kuti zimamveka bwanji zikakhala zako. Sizimveka m'khutu, Ladidi. Zinandilowa m'mawondo. Zinakwera, zinanjenjemera pamwamba monga umadziwira, zinakhala pamenepo mpaka Rasaki anavula chipewa, nkhosa inaleka kulira. Chakumapeto mawu anathyoka. Anakhosomola, ndipo pansalu imene anapukutira pakamwa ndinaonapo kadontho ka magazi. Atapuma anamuuza mwanayo ndi mawu okhwepa, koma oti ndimve, kuti, "Zimenezi si zako wekha, kambewa iwe. Ugawireko amene anakubereka, wakhala akudikira kuyambira kale." Ine, bambo wa ndevu zanga, ndinabisa nkhope m'mkanjo pamaso pa anthu onse.

Wometa wa kuno atatha kumeta mwana anatulutsa kachikwakwa kake ka belu. Inna anangoika chala pamilomo ya mwanayo n'kupukusa mutu. Wometayo anayang'ana ine, ine ndinayang'ana nkhosa. Kabelu ka Asabe wamng'ono katsala.

Usakwiye nawo. Kalata yako yafika lero, ndinamuwerengera Hindatu mokweza, Inna akusankha nyemba chapafupi. Anauza Hindatu kuti, "Ladidi ndinamubereka kumsana poyera, ndamuitana dzina mpaka latha ngati sopo. Adokotala anandipatsa mfuu umodzi wokha. Ndikanaugawa bwanji?" Akuti ukadzabereka adzakuimbira mpaka anthu a ku siteshoni adzatseke makutu, ngati mawu adzakhalepo.

Pamenepo ndiye sindikudziwa. Chiimbireni mawu sanabwerere, akutiitana ndi mbale ndi supuni. Ndinawatengera kwa dokotala wa kuno. Akuti chithupsa sichinabwerere, angopweteka mmero, tidikire tione. Ananenanso zomwe zija, kuti kwa munthu wodwaladwala chonchi kuchotsa matonsilo ndiko kwanzeru. Ndinafunsa mitengo kwa dokotala, kwa wometa, kwa wosunga mankhwala, mpaka kuyasamulitsa msika wonse, koma sindinaganizepo zofunsa mwini mmero kuti akuusungira chiyani.

Potuluka m'chipatalamo Inna anakoka Hindatu pambali, anamasula mfundo ya pansalu n'kumupatsa ndalama zija. Zinangochoka za ulendo wa lole basi. Anayang'ana kukhoma n'kunong'ona kuti, "Umuuze uja kuti tsopano akhoza kuchotsa chilichonse chimene akufuna. Ntchito yake ndathana nayo."

Ndalamazo zili pansi pa pilo. Ndine amene ndinkakakamira opaleshoni, koma tsopano dzanja likukana. Tandiuza maganizo ako, mlongo wanga, ndipo ulendo uno uyankhe msanga.

Ine mlongo wako,
Sallau